Mabatire Oyenda

1. Wilibala yosalira

M'galaja ya asilikali chinthu chilichonse chimalira. Zitseko zimalira, majeke amalira, ngakhale mpando wa mu ofesi umadandaula munthu akaukhalira. N'chifukwa chake Kanyenyezi anaima n'kugwira m'chiuno tsiku limene anapeza wilibala yosalira.

Dzina la Kanyenyezi anam'patsa ndi amakaniko. Anafika pakampupo atangomaliza kumene maphunziro a usilikali, kanyenyezi kamodzi kakung'anima paphewa, ndipo anyamata a m'galaja sachedwa kutcha munthu dzina. Anali mtsikana wochepa thupi, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Koma udindo wake unali waukulu. Iye ndiye ankayenera kuonetsetsa kuti malole onse a pakampupo ali moyo, ali ndi mafuta, matayala ndi zipangizo, kuti asilikali akaitanidwa kulikonse anyamuke nthawi yomweyo.

Anzake amene anapita ku magulu onyamula mfuti ankamuseka kuti ndi msilikali wa sipanala. Anthu otere amaseka mpaka tsiku limene lole yawafera pakati pa tchire. Kanyenyezi sankawayankha, ankangovala ovolosi yake n'kupita kuntchito.

Mkulu wa amakaniko anali a Sajeni, bambo wa imvi, wa manja okhakhala ndi girisi wa zaka zambiri. A Sajeniwo anali malume ake enieni, mlongo wa malemu mayi ake, ndipo ndiwo anamulera pamodzi ndi akazi awo kuyambira ali wamng'ono. Koma usilikali sudziwa chibale. M'mawa uliwonse bambo wamkuluyo ankaima njo, kuchitira sawatcha mwana amene ankamupukuta mamina, n'kunena kuti, "Zonse zili bwino, madamu."

Mawu amenewa ndi amene anayamba kumusowetsa mtendere Kanyenyezi. Galaja yake iti imene zonse zimakhala bwino tsiku ndi tsiku?

Panalinso zina. Iye akalowa, macheza a amakaniko ankangoti zii. Malole ankaima m'mizere iwiri, koma otumidwa paulendo anali a mzere wakutsogolo okhaokha. Akumbuyo ankatsukidwa, matayala awo kupakidwa polishi, koma Kanyenyezi sanaonepo imodzi ikutuluka pa geti. Akati atumeko ina, a Sajeni ankafulumira kunena kuti, "Imeneyo ipume kaye, madamu, tengani iyi."

Ndiye tsiku lina anaipeza wilibala ija kuseri kwa khoma, itafunditsidwa chiguduli. Ataikankha, inayenda mwakachetechete ngati mphaka. Gudumu lake linali litakhuta girisi.

Pafupi panali dalaivala wina wolongolola amene anzake ankamutcha Hutala.

"Wilibala iyi ndi ya chiyani?" anafunsa Kanyenyezi.

"Ya zinyalala, madamu."

"Zinyalala zake ziti zimene zimaopa phokoso?"

Hutala, munthu amene pakamwa pake sipauma, anakanda pamutu. "Zimenezo afunseni a Sajeni, madamu. Ine ndine wa chiwongolero."

2. M'chipinda cha matayala

Uthenga unafika woti bwana wina wa ku likulu abwera kudzayendera malole. Galaja yonse inali pikitipikiti. Ena ankasesa, ena ankapenta miyala ya m'mbali mwa msewu, poti kwa asilikali mlendo akamabwera ngakhale mwala umasamba.

Masana, anthu onse atapita kukadya, Kanyenyezi anatsala. Anapita ku mzere wakumbuyo n'kutsegula bokosi la mabatire la lole yoyamba. Munali mbee, mawaya okha ali lendelende. Anatsegula la lole yachiwiri, chimodzimodzi. M'bokosi lina anapezamo batire lotupa, lakufa kalekale, mitu yake itachita zoyerayera.

Mabatire sauluka. Ngati palibe, ndiye kuti wina anawanyamula, ndipo m'galaja imeneyo palibe chinkatuluka a Sajeni osadziwa. Zinamuwawa kuganizira malume ake zoipa, koma maganizowo anakana kuchoka.

"Mukufuna chiyani kumeneko, madamu?"

Anatembenuka. A Sajeni anali ataima kumbuyo kwake, ndipo sanadziwe kuti afika nthawi yanji.

"Mabatire ali kuti, Sajeni?"

Iwo anaponya maso uku ndi uku. "Tiyeni m'chipinda cha matayala."

Atalowa, a Sajeni anatseka chitseko n'kuvula chipewa. "Tsopano ndikulankhula ndi mwana wa mlongo wanga, osati ndi nyenyezi. Khala pansi."

Kanyenyezi anakhala pa tayala.

"Mvetsera bwino," anayamba motero. "Ntchito imeneyi ndinaiyamba iwe usanabadwe. Zimene waonazi si ine ndinaziyambitsa ayi. Ndinazipeza, ndipo amene anandiphunzitsa ntchito nawonso anazipeza. Mabatire amoyo alipo ochepa, okwanira mzere umodzi basi. Akabwera oyendera, timayamba kuliza malole akutsogolo. Kenako mlendo amatengedwa kukaona zina, ife kuno yaviyavi, kumasula mabatire, kuwakweza pa wilibala, kukawamanga ku mzere wakumbuyo. Mlendo pobwerako, nawonso akumbuyo amalira. Iye amasangalala, a Meja amasangalala, tonse timagona tulo. Palibe amene anafapo nazo zimenezi."

"Ndiye ndi chiphamaso chimenecho, malume."

"Utche dzina lililonse limene ukufuna. Koma ndikuchenjeze. Panabwera mnyamata wina pano, wa nyenyezi imodzi ngati iwe, wanzeru zake ndithu, koma wa mtima wapachala. Ankafuna kukonza dziko ndi pakamwa. Lero ali ku kampu yakutali kumene ntchito yake ndi kupinda mabulangete, ndipo anzake onse anamupitirira paudindo. Kuno zinthu zikaphulika akuluakulu sapsa. Timapsa ndife a manja akuda. Ine ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Ndikufuna ndidzatuluke pa geti ija ndi ulemu wanga, osati apolisi ali pambuyo. Ndinakulera, ndipo sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikukupempha. Waona, koma sunaone."

Kanyenyezi anafunsa, "Nanga mabatire atsopano simupempha ku likulu?"

"Timapempha."

"Amabwera?"

A Sajeni anayang'ana kuchitseko ngati chili ndi makutu. Anavala chipewa chawo. "Ndati timapempha," anatero, n'kutuluka.

Yankho limenelo silinam'khutitse Kanyenyezi ngakhale pang'ono. Munthu amene anamuphunzitsa kuyang'ana anthu m'maso polankhula anali atalephera kumuyang'ana m'maso.

3. Tiyi wa a Meja

Dzuwa lisanapendeke, Kanyenyezi anaitanidwa ku ofesi ya a Meja, amene anali mkulu wa gulu lonselo. A Meja anali munthu wosalala, wonunkhira, womwetulira ndi mano okha maso ali gwa. Anamuthirira okha tiyi, chinthu chimene sanachitepo.

"Ndamva kuti umakonda kutsegula mabokosi," anatero.

Kanyenyezi anatula kapu. Iye sanauze munthu aliyense. Nanga a Meja anamva kwa yani? Kwa Hutala? Kwa malume ake?

"Ndi ntchito yanga, bwana."

"Ndi ntchito yako, inde, ndipo ndimakonda ana akhama. Koma ndikuuze zimene sanakuphunzitse kusukulu ya usilikali. Gulu la asilikali lili ngati banja. Za m'nyumba sitiyanika pabwalo alendo akuona. Mlendo amabwera m'mawa, madzulo wapita, koma iwe umatsala ndi ife. Amene adzanene kuti ukuyenera nyenyezi yachiwiri ndine, osati mlendo. Ndaona achinyamata ambiri akubwera ndi moto, ndipo ndaona motowo ukuwatentha eni ake. Iwe uli ndi tsogolo. Usalitaye chifukwa cha timabokosi."

Anamwa tiyi pang'ono n'kupitiriza.

"Mawa ntchito yako ndi yophweka. Tikatha mzere wakutsogolo, udzamutenge mlendo ukamuonetse chipinda cha zipangizo. Umuonetse chilichonse, ngakhale kabawuti. Umalankhula bwino iwe. Usatuluke naye mpaka ine nditakodola."

"Ndamva, bwana."

"Ndiponso Sajeni uja ndi malume ako, si choncho? Munthu wabwino kwambiri. Zingakhale zomvetsa chisoni atapunthwa pakhomo potulukira penipeni."

Anamwetuliranso. Kanyenyezi anachita sawatcha n'kutuluka, tiyi uja osamumaliza. Panjira anakumana ndi Hutala, amene anamupatsa moni mokweza kuposa masiku onse. Ngakhale moni ameneyo anamukayikira.

4. Pempho limodzi

Tsiku loyendera linacha ndi mitambo yakuda. Bwana wa ku likulu anali munthu wachikulire, wowonda, woyenda pang'onopang'ono ndodo yaifupi ili m'khwapa. Sankalankhula zambiri. A Meja ankayenda pambali pake akuseka zinthu zosaseketsa.

Madalaivala anakwera malole a mzere wakutsogolo. Imodzi ndi imodzi inalira bwinobwino, utsi uli tolotolo. Mlendo anagwedeza mutu, ndipo injini zinazimitsidwa.

"Tsopano, bwana, mtsikana wathuyu akuonetseni mmene timasungira zipangizo," anatero a Meja.

Kanyenyezi anatsogolera. M'chipindamo munali mashelefu aatali a mabawuti, malamba a injini ndi zosefera mafuta. Anayamba kufotokoza monga anauzidwira. Mawu ankatuluka, koma makutu ake anali panja. Kunjako kunali zii, ndipo bata limenelo ndi limene linkamuopsa.

Pakati pa mashelefu panali kawindo kakang'ono. Ataponyako maso, anaona amakaniko akuthamanga chowerama pakati pa malole. Pambuyo pawo panali malume ake, akukankha okha wilibala yodzaza mabatire, thukuta lili kamukamu. Bambo wa imvi, amene anthu ankamupatsa ulemu pakampu ponse, ankathamanga monyang'ama ngati wakuba nkhuku. Kanyenyezi anagwidwa ndi chisoni, ndipo pamwamba pa chisonicho panabwera manyazi.

Mlendo anatola lamba wa injini, kumutembenuza, n'kumubwezera pamalo pake.

"Mwana wanga," anatero, "ukudziwa chifukwa chake ndabwera nyengo ino? Mvula yayamba. Mitsinje ikasefukira, foni yoyamba timaimba kuno. Ine ndinapitako kumalo otere ndili mnyamata. Ndinaona amayi ali pamadenga ndi ana kumsana, ndinaona nkhalamba zitakakamira m'mitengo, onse maso ali kumsewu kudikira ife. Anthu amaganiza kuti msilikali ndi mfuti. Tsiku limenelo mfuti ilibe ntchito. Chimene chimafunika ndi lole yoti ukapotokola kiyi ilire. Lole imodzi ikatsala m'galaja, ndiye kuti pali anthu ena amene sitidzawafikira, ndipo madzi sadikira kuti tikonze kaye. Iwe ndiwe mwini wake wa malole amenewa. Ndikabwerera ku likulu ndikanene kuti onse angatuluke?"

A Meja anali pakhomo. Anayankha msanga, "Onse, bwana, palibe chovuta."

"Ndafunsa mwanayu."

Kanyenyezi akanangonena kuti inde, mawu amodzi okha, malume ake akanapuma pantchito mwaulemu. Anayang'ana a Meja, ndipo maso awo anali pa iye ngati misomali. Anayang'ananso pa kawindo kaja.

"Bwana," anatero, "ndili ndi pempho limodzi. Malole onse alizidwe nthawi imodzi."

A Meja anaseka mokweza. "Ana a masiku ano! Kumeneko n'kuwononga mafuta, bwana. Tizichita mzere ndi mzere monga mwa nthawi zonse."

Mlendo anawayang'ana a Meja nthawi yaitali. Kenako anati, "Pempho la mwanayu ndi laling'ono. Lichitike pompano."

Anatuluka onse. Amakaniko anadzidzimuka kuona mlendo nthawi isanakwane. Ena anabisa masipanala kumbuyo. A Sajeni anaima pakati pa mizere iwiri ija, manja ali pa zogwirira za wilibala, poti katundu wolemera chotero sungamubise m'thumba.

Madalaivala analamulidwa kukwera. Wezulo inalira. Ku mzere wakumbuyo malole angapo anabangula. Koma mzere wakutsogolo, umene unali utangolira kumene mlendo akuona, unangoti zii. Madalaivala anakhala m'mwambamo atagwira ziwongolero ngati ana osewera galimoto yadothi. Hutala anayesa kuliza hutala, koma nayonso inakana.

Palibe amene anaseka.

5. Funso la mlendo

Mlendo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa wilibala. Anakhudza batire limodzi ndi ndodo yake.

"Mabatire oyenda," anatero. "Ndinkamva kuti aliko, lero ndawaona. Koma pali chimene sindikumvetsa. Mabatire atsopano a malole onsewa tinatumiza mvula isanayambe. Ndinaona ndi maso anga akukwezedwa. Analandira ndani?"

Kanyenyezi anachita ngati wathiridwa madzi ozizira. Ndiye kuti mabatire anabwera! Iye ankaganiza kuti akuulula chiphamaso chabe, osadziwa kuti pansi pa chiphamasocho pagona nkhani ya kuba.

A Meja sanaphethire n'komwe. "Katundu yense wa m'galaja amafikira kwa Sajeni, bwana. Inenso ndadabwa kwambiri. Munthuyu ndinkamukhulupirira."

"Sajeni, ukutipo chiyani?"

A Sajeni anatula wilibala. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana a Meja. Kenako anayang'ana mwana wa mlongo wawo, kanthawi kochepa chabe, n'kutsekanso pakamwa.

"Ndilibe mawu, bwana."

Kodi anakhala chete chifukwa anali wolakwa, kapena chifukwa ankaopa munthu wina? Kanyenyezi anafufuza yankho pankhope yawo, koma nkhopeyo inali itatsekeka.

Apolisi achisilikali anaitanidwa. Anawavula a Sajeni chipewa ndi lamba anyamata awo onse akuona, n'kuwatenga kupita nawo kuchitolokosi cha pakampu. Podutsa pafupi ndi Kanyenyezi sanatembenuke. Amakaniko onse maso anali pansi, kupatula mmodzi amene anamuyang'ana Kanyenyezi n'kulavula malovu pambali.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kanyenyezi, koma anaimeza. Anali atanena zoona, ndipo akanafunsidwanso akanapempha chimodzimodzi. Komabe mumtima munkawawa ngati wapalamula ndi iye.

"Mabatire ochuluka chotero sasowa ngati singano," anatero mlendo. "Kunyumba kwa Sajeniyu kufufuzidwe lero lomwe, anthu asanayambe kusuntha zinthu."

"Apite mtsikana yemweyu, bwana," anatero a Meja mwaulemu. "Ndi amene ali ndi maso akuthwa pakati pathu."

Mlendo anavomera, poti sankadziwa za chibale chija. Kanyenyezi anati atsegule pakamwa kuti afotokoze, koma a Meja anamuyandikira ngati akumukonza kolala.

"Nena kuti ndi malume ako," ananong'ona, "ndipo aliyense adziwa chifukwa chake unakhala chete masiku onsewa. Adzati munkadyera limodzi, lero mwangoyambana pogawana. Pita ukagwire ntchito, Kanyenyezi."

Aka kanali koyamba a Meja kumutchula dzina limenelo, ndipo m'kamwa mwawo linamveka ngati chitonzo.

6. Pakhomo

Nyumba za mabanja a asilikali zinali kumunsi kwa kampu, zofanana zonse ngati mabokosi a machesi. Kanyenyezi sanafunikire womulozera njira. Anayenda patsogolo, apolisi awiri ali pambuyo, nsapato zawo zikugunda pamodzi. Ana amene ankasewera mumsewu anasiya mpira n'kuyamba kuwatsatira chapatali. Makatani a nyumba zoyandikana anayamba kugwedezeka.

Mvula inali itayamba kuwaza. Akazi a malume ake, amene iye ankawatcha amayi, anali panja akuanula zovala pachingwe mothamanga. Atamuona anasangalala.

"Wafika bwino, mwanangu! Gwira uku, zinganyowe. Lero mwaweruka msanga bwanji? Malume ako ali m'mbuyo?"

Kanyenyezi sanatambasule manja. Anaima chilili, mvula ikumudontha pachipewa.

Apo m'pamene amayiwo anaona anthu awiri aja. Kumwetulira kunazima. Anakumbatira zovala zija pachifuwa, malaya a amuna awo ali pamwamba.

"Anthu awa akufuna chiyani pakhomo panga?" anafunsa. "Iwe, ndikufunsa iwe. Malume ako ali kuti?"

Mmodzi wa apolisi aja anapita patsogolo, anagwira chitseko cha nyumba imene Kanyenyezi anakuliramo, n'kutembenuka kudikira lamulo.

"Tiyambire chipinda chiti, madamu?"